Atelala a ku Turffontein: kuchezera usiku, tulo tosakwanira ndi ntchito yobwezedwa

Lipoti ili ndi la bambo wina wa zaka za m'ma 30, telala wochokera m'chigawo chapakati ku Malawi, amene ndinkamupatsa uphungu kuno ku Johannesburg kuyambira mu Epulo 2023 mpaka mu Malichi 2024. Ndalemba mwiniwake atavomera, ndipo zimene zikanamuulula ndazisintha. Ndikulembera makamaka aphungu anzanga, anamwino ndi atsogoleri a mipingo amene amalandira Amalawi odandaula kuti "ndikungotopa" kapena "mutu sukugwira". Munthu amene amachedwa kugona mwa kufuna kwake ndi wosiyana ndi munthu amene tulo timamukana, ndipo thandizo loyenera mmodzi likhoza kupweteka winayo.

Mmene anafikira kwa ine

Atelalawa, poti ndi mmene ndiziwatchulira, anabwera ku Joni mu 2017. Mayi a kunyumba ndi ana atatu ali kumudzi, komwe nyumba ya njerwa zootcha inaima makoma okhaokha kudikira malata. Kuno amachita lendi chipinda chakuseri kwa nyumba ku Turffontein, atatu: iwo, msuweni wawo amene amalondera usiku, ndi mnyamata wina woperekera zakudya pa njinga yamoto. Amasoka mayunifolomu asukulu ndi zovala zogwirira ntchito pa kampani yaing'ono ku Fordsburg. Malipiro ndi a pa chovala. Chimene chadutsa m'manja mwa mayi woyendera ntchito chimawerengedwa, chimene chabwezedwa amachimasula n'kuchisokanso osalipidwa kachiwiri.

Chizindikiro choyamba chinali singano. Mu Febuluwale 2023 makina anawaboola chikhadabo cha chala chamkombaphala chakumanzere, zimene amati sizinawachitikirepo chiphunzirireni kusoka. Mwezi wotsatira anaika zipi mozondoka pa masiketi 12 motsatizana osazindikira, ndipo analandira kalata ya chenjezo. Kawiri konse takisi inawapitiriza pamalo otsikira ali m'tulo. Amene anawabweretsa ndi mkulu wa mpingo wawo, ataona kuti bamboyu akuwodzera ngakhale kwaya ili pakati pa nyimbo.

Nkhani ya tulo sanabwere nayo. Anabwera ndi mantha awiri: kuti mwina ayamba shuga monga malemu bambo awo, kapena kuti wina kuntchito akuwayendera zamankhwala chifukwa cha kaduka, poti kale iwo ndiwo ankatsogola pa chiwerengero cha zovala. Nditawafunsa za kagonedwe anaseka. "Mayi, tulo kwa ine si vuto. Ndikangoika mutu pa pilo, basi ndapita." Yankho limeneli limamveka ngati labwino, koma munthu wopuma mokwanira nthawi zambiri amatenga mphindi 10 mpaka 20 kuti tulo timupeze. Wongogweratu pasanathe mphindi 5 usiku uliwonse kawirikawiri amakhala kuti thupi lakhala likumanidwa tulo kwa nthawi yaitali.

Za kaduka wa kuntchito sindinatsutsane nawo. Ndinawapempha kuti tiyambe ndi zimene zimayezeka, zinazo tiziona pambuyo pake zikapitirira. Anavomera, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso patadutsa mwezi umodzi.

Zimene tinapeza

Mphungu salemba mankhwala ndipo satchula matenda a m'thupi, choncho poyamba ndinawatumiza kukiliniki. Shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa magazi zonse zinatuluka bwino, HIV sanawapeze nayo, ndipo panalibe mankhwala amene ankamwa tsiku ndi tsiku. Funso la mankhwalali musamalidumphe. Anthu ambiri tsopano ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ena amawasowetsa tulo, ndipo anamwino amatha kuwasinthira nthawi yomwera kuti ikhale m'mawa. Za kubanika m'tulo ndinafunsa mnyamata wa njinga uja, atelala atavomera: saliza mkonono, saleka kupuma m'tulo. Ndi munthu wochepa thupi.

Pa mafunso a Epworth, amene Murray Johns anakonza ku Melbourne mu 1991 poyeza kuwodzera kwa masana, anapeza 15 mwa 24. Kuposa 10 timati munthu akuwodzera mopitirira muyezo. Pa PHQ-9, yoyeza kukhumudwa, anapeza 8 mwa 27, ndipo maganizo ofuna kudzipweteka analibe. Pa GAD-7, ya nkhawa, anapeza 11 mwa 21.

Chimene chinatsegula nkhani yonse ndi kabuku. Telala wolipidwa pa chovala amasunga chiwerengero chake, ndipo atelalawa anali ndi timabuku tawo kuyambira 2021. Ndinangowapempha kuti kwa milungu iwiri awonjezere mizere inayi: nthawi yogona ndi yodzuka, zakumwa, zovala zobwezedwa, ndi maola amene magetsi anazima kunyumba.

Tsiku lawo linkayenda chonchi. Amadzuka 5 koloko kuti apeze bafa lisanadzaze, nkukaima pa mzere wa takisi. Ntchito imayamba 7 koloko, imatha 5:30 madzulo, Loweruka 1 koloko. Amafika kunyumba cha m'ma 7, kuphika, kudya, foni ya kumudzi ili kukhutu. Kuchokera 8 koloko amakhala pa makina awoawo amene anagula pakati pa 2022, kusoka madiresi a zitenje a amayi a kumpingo, kufupikitsa mathalauza, kusintha mazipi, mpaka 11 kapena kupitirira. Akamaliza sagona. Amadikira 12 koloko, pamene bandulo yausiku yotchipa imatseguka, n'kulowa pa Facebook, TikTok, zigoli za Bullets ndi Wanderers, magulu a WhatsApp a kumudzi, mpaka 1 kapena 2 koloko. Pa milungu iwiriyo ankagona pafupifupi maola 4 ndi mphindi 15 pa usiku. Lamlungu akaweruka kutchalitchi ankagona tulo tofa nato mpaka mdima, zimene zinkachititsa kuti usiku wa Lamlungu maso akhale gwa, Lolemba n'kukhala tsiku loipitsitsa pa sabata.

Masana ankadzichirikiza ndi caffeine: tiyi m'mawa, chitini cha 500 ml cha zakumwa zopatsa mphamvu cha m'ma 10, china 3 koloko, Grand-Pa mutu ukayamba kuwawa, ndi khofi 8 koloko usiku asanakhale pa makina. Sankadziwa kuti mu paketi imodzi ya Grand-Pa muli caffeine wokwana pafupifupi 65 mg. Zonse pamodzi zinkadutsa 400 mg amene akatswiri a zakudya amati munthu wamkulu asapitirire pa tsiku.

M'kabukumo munali mausiku atatu osiyana ndi enawo. Chaka cha 2023 magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, maola awiri kapena anayi nthawi imodzi. Akazima kumadzulo n'kubwera 10 koloko, atelala ankadikira, kusoka n'kusunthira pakati pa usiku. Koma mausiku atatuwa magetsi anachedwa kubwera, foni n'kutha moto. Onse atatu anagona isanakwane 10:30, ndipo kutacha anasoka zovala 24, 25 ndi 25, chobwezedwa chimodzi chokha pa masiku onsewo, pamene masiku ena ankathera pa 20 ndi zobwezedwa zitatu kapena zinayi. Izi zinandithandiza kusiyanitsa zinthu zitatu zimene zimafanana pamaso. Akanakhala wodwala kusowa tulo, akanagubuduka pabedi ngakhale foni itazima. Wotchi ya m'thupi ikanakhala kuti inachedwa mwachibadwa, monga zimakhalira ndi achinyamata ena, 10 koloko tulo sitikanabwera. Iwo tulo tinkabwera nthawi iliyonse imene atipatsa mpata. Chimene chinalipo ndi kuzengereza kukagona popanda chowakakamiza, khalidwe limene Floor Kroese ndi anzake a ku Utrecht University analongosola mu 2014.

Chifukwa chimene ankadikirira 12 koloko

Kabuku katatha, mkulu wa mpingo uja anawalangiza mwa chikondi kuti azizimitsa foni 10 koloko n'kupemphera. Anayesa masiku anayi. Tsiku loyamba zinatheka chifukwa cha kutopa. Masiku enawo anagona chagada maso ali kudenga, kenako n'kuyatsanso foni, ndipo anabwera kwa ine ali ndi manyazi ngati munthu amene walephera mayeso a chikhulupiriro.

Ndinawafunsa funso limodzi: pakati pa 12 ndi 2 koloko mumapezamo chiyani chimene masana mulibe? Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Masana ndine wa abwana. Madzulo ndine wa kumudzi, uyu akufuna fizi, uyu feteleza, uyu akudwala. Ndikakhala pa makina ndine wa makasitomala. Ikakwana 12 koloko aliyense wagona, palibe wondipempha kanthu. Pamenepo m'pamene ndimakhala munthu." Anawonjezera kuti foni ikazima, malata a nyumba ija, nkhani ya mapepala ndi ngongole ya chipereganyu zimabwera zonse nthawi imodzi.

Apa ndi pamene nkhaniyi inakhotera. Maola awiriwa ankagwira ntchito ziwiri: anali ufulu wokhawo umene bamboyu anali nawo, komanso ankatsekereza nkhawa. Kumuuza munthu wotere kuti azigona msanga n'kumulanda zonse ziwiri osamubwezera kanthu. Ndipo taonani kuti Malawi ndi South Africa nthawi yake ndi imodzi, choncho sitinganene kuti ankadikira abale adzuke monga amachitira amene ali ku America. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limapatsa wantchito maola 12 otsatizana opuma pakati pa kuweruka ndi kuyambanso, ndipo kampani yawo inkawapatsa. Koma m'maola amenewo munali takisi, mphika, ganyu ndi mavuto a abale a kumudzi.

Panalinso chikhulupiriro chimene ndimachimva kwa amuna ambiri a kwathu kuno, choti tinabwera kudzagwira ntchito, kugona tikagona kumudzi. Kwa iwo kuchepetsa tulo kunali umboni wakuti ndi bambo wolimbikira. Ankanenanso motsimikiza kuti anazolowera, komanso kuti usiku ndi pamene mutu umatseguka.

Zonse ziwirizi zili ndi mayankho ake. Mu 2003 Hans Van Dongen, David Dinges ndi anzawo a ku University of Pennsylvania anafalitsa kafukufuku amene anthu athanzi ankaloledwa kukhala pabedi maola 4, 6 kapena 8 okha kwa masiku 14. Amene ankagona maola 6 kapena kucheperapo, kukhala tcheru kwawo kunkatsikiratsikira mpaka kufanana ndi kwa munthu amene sanagone konse usiku umodzi kapena uwiri. Koma powafunsa ankati akungomva tulo pang'ono. Chimene chimazolowera ndi mmene munthu amadzimvera, manja ndi maso sizizolowera. Za kutseguka kwa mutu usiku, Alexander Borbély wa ku Zürich anafotokoza mu 1982 kuti tulo timayendetsedwa ndi zinthu ziwiri: kutopa kumene kumaunjikana munthu akakhala maso, ndi wotchi ya mu ubongo imene imayenda mwa yokha. Wotchiyi imakankha munthu kukhala maso mwamphamvu kumadzulo, maola ochepa nthawi yogona isanakwane. Ukawonjezapo khofi wa 8 koloko, munthu amadzimva wamphamvu pamene luso lake latsika kale. Caffeine sachotsa kutopa, amangotseka malo amene adenosine, chinthu chouza ubongo kuti watopa, amagwira, ndipo theka lake limakhala likadali m'magazi patapita maola pafupifupi 5. Ndinawauza kuti mphamvu ya m'chitini ndi ya katapila: imabwera mwachangu, koma mawa umabweza ndi chiwongoladzanja.

Zimenezi anamvetsera mwaulemu, koma sizinawasunthe. Zimene zinawasuntha ndi ziwiri. Choyamba, Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amaphonya zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05% m'magazi, umene ndi malire a oyendetsa galimoto kuno ku South Africa. Tinawerenga pa zala: kudzuka 5 koloko, maola 17 amakwana 10 koloko usiku. Atelalawa salawa mowa. Nditawafunsa ngati angaike sizasi pa chitenje cha mkwatibwi atamwa, nkhope inasintha.

Chachiwiri chinali masamu a timabuku tawo tomwe. Mu 2021 ndi kumayambiriro kwa 2022 ankasoka zovala pafupifupi 27 pa tsiku. Pofika Malichi 2023 anali pa 20. Pa mtengo wa R13 pa chovala, ankataya R91 pa tsiku, kuposa R2,100 pa mwezi. Maganyu ausiku, titachotsa ulusi, mazipi ndi mayunitsi a magetsi, ankabweretsa pafupifupi R1,600. Zitini zija zinkadya ina R700. Anafunsa okha ngati si kuzima kwa magetsi kumene kunatsitsa chiwerengero, funso labwino ndithu. Koma kampani yawo ili ndi jenereta, ndipo anzawo a pa mzere womwewo sanatsike choncho. Anatenga cholembera n'kubwereza masamuwo kawiri, kenako anati, "Ndiye kuti ndakhala ndikulipira kuti ndisagone."

Zimene tinagwirizana, ndi zimene ndinakana

Njira yodziwika yothandizira osowa tulo, CBT-I, ili ndi gawo lochepetsa dala nthawi imene munthu amakhala pabedi, limene Arthur Spielman analongosola mu 1987. Kwa wosowa tulo limagwira ntchito. Kwa munthu amene akugona kale maola 4 ndipo zala zake zimakhala pafupi ndi singano tsiku lonse, n'kumuika pangozi. Sindinaligwiritse ntchito. Mapiritsi ogonetsa amene mnzawo wina anawapatsa ndinawauza kuti asamwe popanda dokotala, ndiponso analibe nawo ntchito, poti tulo sitinkawavuta kupeza.

Sindinawauzenso kuti asiye maganyu, ngakhale masamu ankaloza komweko. Makina ajawa ndi chiyambi cha shopu imene amailota, ndipo makasitomala awo ndi anthu amene amawatchula dzina n'kuwayamikira, zimene kukampani sizichitika. Tinagwirizana kuti azisoka Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi mpaka 9:30 usiku, komanso Loweruka masana, kudula nsalu kuzichitika Loweruka basi. Magetsi akazima pa tsiku la ganyu, tsikulo lapita, sakudikira. Anakweza mitengo pang'ono n'kuyamba kuuza makasitomala kuti diresi ndi milungu iwiri. Awiri anapita kwina.

Gawo lovuta linali lopezera nthawi yawo ija malo ena. Tinaika ola la 9:30 mpaka 10:30 kukhala lawolawo: foni ya kumudzi sayankha, kasitomala samulandira, achite chimene akufuna, ngakhale TikTok yomweyo. Ena anganene kuti foni isaloledwe konse ola lomaliza chifukwa kuwala kumachedwetsa melatonin, chinthu chimene ubongo umatulutsa kukada pokonzekeretsa thupi kugona. N'zoona, koma kwa bamboyu kuwala kunali kachinthu kochepa poyerekeza ndi maola atatu amene ankataya, ndipo lamulo limene munthu sangalisunge silithandiza. Vuto linali lakuti bandulo yotchipa imatseguka 12 koloko. Yankho anabwera nalo okha: bandulo yawo imatha 5 koloko m'mawa, choncho azidzuka 4:45, kuika mavidiyo ndi mauthenga kuti zilowe m'foni pamene akusamba, n'kuzionera m'takisi ndi madzulo. Tinataya mphindi 15 za m'mawa kuti tipulumutse maola awiri kapena atatu. Anagula kawotchi kodzutsa ku Oriental Plaza, foni n'kumagona patchaja pafupi ndi chitseko.

Nthawi yogona sitinaikokere ku 10:30 tsiku limodzi. Tinkaibweza ndi mphindi 30 pakatha masiku atatu kapena anayi. Lonjezo lililonse tinkalimanga pa chinthu chooneka, njira imene Peter Gollwitzer anaifotokoza mu 1999: m'malo moti "ndizigona msanga", ankanena kuti "mnyamata wa njinga akangolowa n'kutseka geti, ndikaika foni patchaja." Caffeine tinamuchepetsa pang'onopang'ono kwa milungu iwiri kuti mutu usawawe, malire ake 1 koloko masana, usiku n'kumamwa rooibos amene alibe caffeine. Pa nkhomaliro azidya panja padzuwa, poti m'nyengo yozizira amachoka kunyumba kukadali mdima ndipo m'chipinda chosokera mulibe mawindo, kenako kutsamira pa mitolo ya nsalu mphindi 15 mpaka 20. Lamlungu masana asapitirire ola limodzi ali m'tulo.

Nkhawa tinaipatsa nthawi yakeyake. Akangodya madzulo, mphindi 15 ndi kabuku: vuto kumanzere, chinthu chimodzi chotheka kuchita kumanja, ndi tsiku lake. Chachikulu kuposa zonsezi chinachitika kumudzi. Atelalawa anali asanauze mayi a kunyumba za kalata ya chenjezo. Atawauza, anagwirizana kuti ndalama zizipita kamodzi, kumapeto kwa mwezi, ndipo abale onse opempha azidzera kwa mayiwo, kupatula matenda ndi maliro. Mayiwo akuti anangoti, "Abambo a ana, mukadwala kumeneko malatawo akhoma ndani?" Mafoni a madzulo anachepa kwambiri. Ndikuganiza kuti popanda gawo limeneli, zina zonse zikanagwa pasanathe mwezi.

Kukampani sindinalankhule ndi aliyense. Iwo sanafune, ndipo munthu amene ali kale ndi kalata ya chenjezo komanso nkhawa ya mapepala ali ndi chifukwa chomveka chokanira.

Zimene zinatsatira

Milungu iwiri yoyamba inali yowawa. Anadandaula kuti akumva tulo kuposa kale, zimene zimachitika caffeine akachepa, ndipo n'kofunika kumuchenjeza munthu zisanachitike, apo ayi amaganiza kuti uphungu ukumudwalitsa. Pofika kumapeto kwa Juni ankagona cha m'ma 10:45 masiku ambiri a ntchito. Mu Ogasiti kabuku kankaonetsa maola 6 pa usiku kuphatikizapo katulo ka masana, zovala 25 pa tsiku, zobwezedwa chimodzi kapena osabwezedwa konse. Epworth inatsika kufika pa 9, GAD-7 pa 6. Maganyu ankabweretsa ndalama zocheperapo kuposa kale, koma zonse pamodzi zinakwera. Maola 7 kapena kuposerapo amene American Academy of Sleep Medicine ndi Sleep Research Society anavomereza mu 2015 kuti ndi oyenera munthu wamkulu sanawafikepo, kupatula Loweruka usiku.

Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44%. Ma rand awo ankasinthika kukhala makwacha ambiri, koma feteleza ndi katundu zinakwera, ndipo abale amene anali atazolowera kudzera kwa mayi a kunyumba anayambanso kuimba mwachindunji, poti nkhani ya feteleza imaoneka ngati ngozi. Nthawi yomweyo inali nyengo ya maukwati ndi ya mayunifolomu, sukulu zikutsegulira pakati pa Januwale. Kukampani kunali ovataimu, kunyumba madiresi ataunjikana. Anabwerera ku 1 koloko, zitini zinabwerera, ndipo anasiya kubwera kwa ine mwezi wonse wa Disembala chifukwa cha manyazi.

Amene anawabweza ndi kabuku komweko. Kumayambiriro kwa Januwale anaona okha kuti zobwezedwa zafika zinayi pa tsiku, ananditumizira chithunzi cha tsambalo pa WhatsApp popanda mawu ena. Sitinayambirenso pachiyambi. Tinavomereza kuti m'nyengo imeneyi 10:30 n'zosatheka, tinaika malire a 11:30 mpaka sukulu zitatsegulira, ndi malamulo awiri osasunthika: sizasi sagwira ikadutsa 9 koloko, ndipo usiku umodzi wochedwa uzitsatiridwa ndi usiku wogona msanga.

Kwa anzanga amene mudzakumane ndi nkhani zotere, funso la nthawi yogona ndi yodzuka muzilifunsa kwa aliyense wodandaula za kutopa, kuiwala kapena kupsa mtima, ndipo muzifunsa maola enieni, chifukwa funso loti "mumagona bwino?" munthu womanidwa tulo amayankha kuti eya. Mufufuzenso muyezo umene munthuyo amaukhulupirira kale. Kwa telala ndi zovala, kwa wa njinga yamoto ndi maulendo ndi madandaulo a makasitomala, kwa mayi wogwira ntchito m'nyumba mwina ndi mbale zosweka ndi zinthu zoiwalika pa chitofu. Ziwerengero za Epworth atelalawa sankazilabadira, koma zovala 7 zosowa pa tsiku sanathe kuzitsutsa. Mafunso enanso amafunika kuwayika pa moyo wa munthuyo: limene limanena za kukhala m'galimoto ola lathunthu monga wokwera, kwa iwo linali takisi ya m'mawa. Ndipo ngati PHQ-9 ili pamwamba, kapena munthu akuchezera pa mabetcha a mpira, kapena sagona koma samva kutopa ndipo akulankhula ndi kuwononga ndalama mosadziletsa, imeneyo ndi nkhani ina, yofunika dokotala kapena katswiri wa zamaganizo mwamsanga. Bungwe la SADAG, loona za matenda a maganizo kuno ku South Africa, limathandiza kulozera anthu kumalo oyenera. Zonsezi ndinazifufuza mwa atelalawa ndipo panalibe.

Chinthu chimodzi sichinatheke kukonza. Chipinda cha anthu atatu sichilola munthu kulamulira usiku wake. Mu Febuluwale msuweni uja anasamutsidwira ku ntchito ya masana, ndipo amakonda kumvera wailesi ya kwathu pa intaneti mpaka pakati pa usiku. Anagwirizana za mahedifoni, koma sizitheka masiku onse.

Titakumana komaliza mu Malichi 2024, ankagona maola 6 kapena kupitirira pang'ono masiku anayi pa sabata. Lachisanu amachezerabe mpaka 1 koloko mwa kufuna kwawo, podziwa kuti Loweruka ntchito ndi ya theka la tsiku ndipo amadula nsalu atapumako masana. Epworth inali pa 10, zovala 24 mpaka 26 pa tsiku, ndipo kalata ina ya chenjezo sanalandire. Theka la nyumba linali litakhomedwa malata. Akufunafuna chipinda chaokha ku Rosettenville, ngakhale lendi yake idzadya gawo lalikulu la ndalama za maganyu. Tinatseka fayilo titagwirizana kuti adzabwerenso mu Okutobala, nyengo ya mayunifolomu isanayambe, ndi kabuku ka miyezi itatu yomaliza.